Diso Lodziulula Lokha: Radar ndi Nkhondo Yonamizana

aChisale, Chirunga: Akuluakulu, pali funso lomwe likundizunguza mutu. Paliponse timawerenga kuti Angerezi anapulumuka ku ndege zankhondo za Germany mu 1940 chifukwa cha radar. Koma ukaziyang'ana zida zenizenizo, a Germany ndiwo anali ndi zabwino. Radar yawo ya Freya inkagwira pa frequency ya 125 MHz (ndiko kuti mafunde 125 miliyoni pa sekondi), mlongoti wake unkazungulira, ndipo ankatha kuisamutsa. Würzburg inali pa 560 MHz, ya mbale ya mamita 3, yolondola moti inkalozera mfuti zowombera ndege. Chain Home ya Angerezi inali yachikalekale ngakhale pa nthawi yakeyo. Ndiye chinapambana n'chiyani kwenikweni?

aPhiri, Matawale: Mwaona bwino achimwene. Koma tiyambe ndi masamu kuti tonse tiyendere limodzi. Radar imaponya kafunde kakafupi ka wailesi, kamene amati pulse, kenako imakhala chete n'kumamvetsera. Funde limathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo liyenera kupita n'kubwerako. Choncho likachedwa ndi microsecond imodzi (gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi), chinthucho chili pa mamita 150. Likachedwa ndi ma microsecond 1,000, ndege ili pa makilomita 150. Mtunda suvuta. Chovuta ndi mbali imene ndegeyo ili, kukwera kwake, ndi kuchuluka kwa ndegezo.

Chain Home inali ndi nsanja zachitsulo za mamita pafupifupi 110 zoponyera mafunde, ndi zina zamatabwa za mamita 73 zomvetserera. Inkagwira pakati pa 20 ndi 30 MHz, kutanthauza funde lotalika mamita 10 mpaka 15. Sinkazungulira ayi, inkangowalitsa mbali yonse ya kunyanja ngati nyali ya pabwalo la mpira. Wogwira ntchito ankapotokola chida chotchedwa goniometer mpaka chizindikiro chizimirire pa sikirini, n'kuwerenga mbali pamenepo. Pulse yake inali ya ma microsecond 20, ndiye kuti ndege ziwiri zotalikirana mosakwana makilomita 3 zinkaoneka ngati chinthu chimodzi. Kuwerenga ndege kunali kongoyerekeza poona mmene chizindikirocho chikunjenjemerera. Ndege zouluka m'munsi sinkaziona, mpaka anawonjezera Chain Home Low ya funde la mamita 1.5. Ndege ikangodutsa gombe kulowa kumtunda, radar inkatsala kumbuyo, ntchito n'kukhala ya anthu a Observer Corps okhala ndi mabainokyula ndi telefoni.

Anambewe, Chinamwali: Bambo Phiri afotokoza chida, ine ndinene za nyumba imene chidacho chinkatumikira, chifukwa yankho la aChisale lili kumeneko. Siteshoni iliyonse inkatumiza zimene yaona pa telefoni ku Bentley Priory, kulikulu la Hugh Dowding, mkulu wa ndege zoteteza Britain. Kumeneko kunali chipinda chosefera malipoti. Masiteshoni awiri akaona gulu limodzi la ndege, aliyense ankalakwitsako mbali, koma mtunda ankaupeza bwino. Osefawo ankadutsanitsa mitunda iwiriyo pa mapu, n'kupeza malo enieni, n'kulipatsa gululo nambala imodzi. Akapanda kutero, gulu limodzi likanaoneka ngati magulu awiri kapena atatu, ndipo ndege zoteteza zikanamwazikana kuthamangitsa mphepo.

Zosefedwazo zinkapita ku magulu, monga 11 Group ku Uxbridge ya Keith Park, kenako ku mabwalo a ndege. Pa tebulo lalikulu atsikana a WAAF, gulu la akazi lothandiza asilikali a ndege, ankakankha timatabwa toimira magulu a ndege ndi ndodo zazitali. Pakhoma panali wotchi yogawidwa m'mitundu itatu, yofiira, yachikasu ndi yabuluu, mtundu uliwonse mphindi 5. Muvi woikidwa pa tebulo unkatenga mtundu wa nthawi imeneyo, ndiye mkulu woyang'ana ali pamwamba ankadziwa msanga kuti lipoti ili ndi latsopano, ilo lagona. Kanthu kakang'ono, koma ndege yothamanga makilomita 300 pa ola imayenda makilomita 25 pa mphindi 5.

A Germany mu 1940 analibe dongosolo lolumikiza zonse chonchi. Mwina n'chifukwa chake sanamvetse chimene ankamenya. Pa 12 August anaphulitsa masiteshoni angapo, wa ku Ventnor unazima kwa masiku, koma nsanja zolukanalukana zija bomba silizigwetsa wamba, ndipo patangopita masiku atatu Göring, mkulu wa ndege zankhondo za Germany, anakayikira ngati kupitiriza kuli ndi phindu.

Mukafuna kuona chida chabwino chopanda nyumba, onani Pearl Harbor. Pa 7 December 1941, nthawi ili 7:02 m'mawa, Joseph Lockard ndi George Elliott anaona gulu lalikulu la ndege pa radar ya SCR-270 ya ku Opana Point, pa mtunda wopitirira makilomita 200. Anaimba foni. Amene anayankha, Kermit Tyler, anali watsopano pa ntchitoyo, ndipo anaganiza kuti ndi ndege zawo za B-17 zomwe ankayembekezeka kuchokera ku California. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutulo likhale loti laphunzitsidwa kumva.

aBanda, Mpondabwino: Mayi, musachepetse chida kwambiri. Popanda cavity magnetron, kachida kotulutsa mafunde aafupi amphamvu, ya John Randall ndi Harry Boot ku Birmingham mu February 1940, nkhondo ya pa nyanja ikanavuta. Lamulo lake n'losavuta: kutambalala kwa kuwala kwa radar, m'madigiri, ndi pafupifupi 70 kuchulukitsa ndi kutalika kwa funde, kugawa ndi kukula kwa mbale. Würzburg: 70 kuchulukitsa 0.53 kugawa 3, mupeza madigiri 12. Funde la masentimita 10 pa mbale ya mita imodzi yokha likupatsani madigiri 7. Kuti funde la mamita 12 lipanikizike chomwecho pangafunike mlongoti wa mamita 120. Mungaukweze pa ndege umenewo?

Anambewe, Chinamwali: Sindikukana bambo. Ndikungoti magnetron inafika pa ndege nkhondo ya 1940 itatha kale.

aChisale, Chirunga: Zoti radar siona ndege zouluka m'munsi, chifukwa chake ndi kupindika kwa dziko basi?

Che Milanzi, Songani: Kupindika kwa dziko ndi zotchinga. Tengani 4.12, muchulukitse ndi square root ya kukwera kwa mlongoti kuphatikiza square root ya kukwera kwa ndege, zonse m'mamita, yankho lituluka m'makilomita. Mlongoti wa mamita 10 ndi ndege youluka mamita 30 pamwamba pa nthaka, mupeza makilomita pafupifupi 36. Ndege ya liwiro la makilomita 900 pa ola imamaliza mtunda umenewo mphindi ziwiri ndi theka zisanakwane. Madzi a tiyi asanawire n'komwe.

Tsopano tiyerekeze kuti mlongoti womwewo mwauika pamphepete pa phiri la Zomba, mamita ngati 1,000 pamwamba pa chigwa cha Chilwa. Mtunda ukwera kufika makilomita 150. Koma musakondwere msanga. Kuseri kwa Mulanje kukhala mthunzi, chilichonse chodutsa m'munsi kumeneko simuchiona. Chachiwiri, poti mukuyang'ana pansi, nthaka yonse, mitengo, malata a nyumba za ku Jali ndi ku Kachulu, zonse zikubwezerani mafunde, ndege n'kumira m'chipwirikiti chimenecho. Mankhwala ake ndi Doppler: chinthu choyenda chimasintha frequency ya funde lobwerera, ndiye makina amataya zonse zosayenda. Vuto lake, ndege ikamadutsa chopingasa, yosayandikira komanso yosatalikira, makinawo amaitaya limodzi ndi mitengo. Oyendetsa ndege zankhondo amaphunzitsidwa kukhotera dala mbali imeneyo.

aPhiri, Matawale: Tibwerere ku 1940, chifukwa kunamizana kunayambira pa mafunde olondolera njira, radar isanalowe m'bwalo. Knickebein ya a Germany inkaponya mafunde awiri oyandikana pa 30 mpaka 33 MHz, mbali ina timadontho, mbali ina timizere. Woyendetsa akakhala pakati, ziwirizo zinkalumikizana n'kumveka ngati kulira kumodzi kosadukiza. Funde lina lochokera kwina linkadutsa pamalo oponyera mabomba. R. V. Jones, wasayansi wa Angerezi, anaumirira kuti zimenezi zilipo pamene akatswiri ena ankati funde lotere silingafike kutali choncho, ndipo pa 21 June 1940 ndege ya Anson inalipeza likuloza cha ku Derby, kwawo kwa injini za Rolls-Royce. Angerezi anayamba kuponya zizindikiro zawo zabodza pa frequency yomweyo, mwakuti woyendetsa ankamvabe zizindikirozo ngakhale ali pakati penipeni, n'kumangokhota.

X-Gerät inali yochenjera kuposa apo. Inali ndi funde lolondolera limodzi ndi odutsa atatu. Loyamba linali lochenjeza. Pa lachiwiri woyang'anira njira ankayambitsa wotchi, pa lachitatu ankadinanso, wotchiyo n'kupima yokha liwiro lenileni la ndege n'kumasula mabomba nthawi ikakwana. Apa m'pamene pali phunziro lowawa. Usiku wa 14 November 1940, wa ku Coventry, makina osokoneza a Angerezi ankalira pa 1,500 Hz, pamene zomvera za a Germany zinali ndi sefa yolola 2,000 Hz yokha. Phokoso lonselo linkatayidwa pakhomo. Chomvetsa chisoni n'choti ndege ya Germany ya Heinkel yokhala ndi chida chimenechi inali itatera m'madzi osaya ku West Bay pa 6 November, koma asilikali a pamtunda ndi a pamadzi anakanganirana kuti woivuula ndani, mafunde n'kuimiza, ndipo za sefayo zinadziwika mochedwa.

Anachisale, Sadzi: Ine imene imandichititsa chidwi ndi Window, timapepala toponyedwa kuchokera m'ndege kuti tisokoneze radar, chifukwa ndi pepala chabe. Kachingwe kachitsulo kotalika theka la funde kamabweza mafunde mwamphamvu zosayenerana ndi kukula kwake. Funde la Würzburg linali masentimita 53, theka lake 26.5. Angerezi anadziwa bwino za chidachi atapita kukachizula ku Bruneval ku France usiku wa 27 February 1942, asilikali a pa parachuti a John Frost akulondera pamene katswiri wa RAF ankamasula zipangizo. Joan Curran ndi amene anayesa timapepalato. Tinatuluka totalika masentimita 27, m'lifupi masentimita 2, mbali ina aluminiyamu wonga wa m'paketi ya ndudu, todetsedwa kuti tisanyezimire pa nyali zofufuzira. Mtolo umodzi wa timapepala pafupifupi 2,000 unkaoneka pa radar ngati ndege yaikulu, ndipo ndege iliyonse inkaponya mtolo umodzi pa mphindi.

Koma anakhala nayo kupitirira chaka osaigwiritsa ntchito, poopa kuti adani aitola n'kuwabwezera. A Germany nawonso anali ataitulukira, ankaitcha Düppel, ndipo Göring analetsa ngakhale kuifufuza pa chifukwa chomwecho. Anthu awiri kubisirana chinthu chimene onse ali nacho m'thumba.

Pa 24 July 1943 anaiponya ku Hamburg. Ndege 791 zinapita, 12 zokha sizinabwerere. Tisaiwale kuti chipambano cha pepalachi chinatsegula njira ya moto umene unapha anthu pafupifupi 40,000 mumzindawo m'masiku otsatirawo.

Kupuma kwake kunali kwa miyezi chabe. Pepala likangoponyedwa limaima n'kumatengeka ndi mphepo, ndege imapitirira, ndiye a Germany anaika Würzlaus yosiyanitsa ziwirizi ndi Doppler. Anaika Nürnberg, yomwe inkalola munthu kumvera pa mahedifoni kunjenjemera kochokera ku mapulopela, pakuti pepala lilibe pulopela. Ndege zawo za usiku anazipatsa radar ya SN-2 ya funde lopitirira mamita 3, limene timapepala tatifupi tija sitinkalikhudza. Ndipo mtambo wa pepalawo unayamba kuwalozera kumene gulu la ndege ladutsa.

Che Milanzi, Songani: Achemwali afika pa fundo yeniyeni. Munthu woyenda ndi tochi usiku amaona mamita 20 patsogolo pake, koma iye amaonedwa ndi munthu amene ali kutsidya kwa dambo. Funde lopita mbali imodzi limafooka ndi mtunda kuchulukitsa kawiri, lopita n'kubwerako limafooka ndi mtunda kuchulukitsa kanayi: mtunda ukawirikiza, loyamba limafooka ka 4, lachiwiri ka 16. Ndiye womvetsera amakumva iwe usanamuone, ndipo wosokoneza wa mphamvu zochepa amagonjetsa radar ya mphamvu zambiri, mpaka atayandikira kwambiri moti funde lobwerera liposa phokoso lake.

Angerezi anaika Monica kumchira kwa ndege zoponya mabomba kuti izichenjeza za mdani wobwera kumbuyo. A Germany anapanga Flensburg yolondola Monica yomweyo. Zinaululika pa 13 July 1944 pamene ndege ya Germany ya Ju 88 inasochera n'kutera ku Woodbridge ili ndi Flensburg ndi SN-2 zonse zamoyo. Monica anaichotsa. Naxos ya a Germany nayo inkalondola H2S, radar imene ndege za Angerezi zinkaonera nayo nthaka.

Pa nyanja zinatembenuka. Sitima za pansi pa madzi za a Germany zinali ndi Metox yomva radar ya mamita 1.5, zikamva zinkamira. Mu 1943 ndege za Angerezi zinabwera ndi radar ya masentimita 10, Metox osamva kanthu. Mu May mokha sitima zoposa 40 zinatayika. Pofufuza chifukwa, a Germany anakhulupirira zimene mkaidi wina wa Chingerezi anawauza, zoti ndege zikulondola timafunde totuluka mu Metox mwini wakeyo. Anayesa, anapeza kuti imatulutsadi pang'ono, n'kuiletsa. Bodza labwino limakhala ndi kachoonadi koti mdani akatsimikize yekha.

aBanda, Mpondabwino: Kunamiza makutu kunaliponso. Kuyambira October 1943, pa Operation Corona, anthu olankhula Chijeremani, ambiri mwa iwo Ayuda othawa kwawo, ankalowa pa frequency ya oyang'anira ndege za usiku ali ku Kent, n'kumalamula oyendetsa kuti atere kapena apite kwina. A Germany atasintha n'kuika mawu a akazi, Angerezi anali atakonzeratu akazi awo. Tinsel inali yophweka koposa: maikolofoni pafupi ndi injini, phokoso lake n'kuliulutsa pa frequency ya mdani.

Anambewe, Chinamwali: Koma luso lenileni linaoneka usiku wa pa 5 kucha wa pa 6 June 1944, pamene Angerezi, a America ndi anzawo ankawoloka nyanja kukatera ku Normandy ku France. Phokoso limauza mdani kuti ukumubisira kanthu. Chofunika n'kumupatsa chithunzi chooneka bwino koma chabodza. Radar zambiri za m'gombe la France anaziphulitsa, zina anazisiya dala kuti zione zimene akonza. Ma Lancaster a 617 Squadron, pa Operation Taxable, ankauluka mondandalikana motalikirana makilomita 3, akuponya mtolo wa Window pa masekondi 5 aliwonse, kupita kutsogolo n'kubwerera, ulendo uliwonse wa mphindi 7 n'kusendera pang'ono kugombe. Radar siingalekanitse zinthu zimene zili m'kabokosi kamodzi ka pulse ndi kutambalala kwa kuwala kwake, choncho mitoloyo inalumikizana n'kuoneka ngati gulu lalikulu la sitima likuyenda makilomita pafupifupi 15 pa ola kulowera ku Cap d'Antifer. Ma Stirling a 218 Squadron anachita chimodzimodzi kulowera ku Boulogne. Pansi pake timaboti tinkakoka zibaluni zokhala ndi zobwezera mafunde m'kati. Kulakwitsa nthawi pang'ono, gululo likanaoneka likudumpha, ndipo sitima sidumpha.

Zonsezi zikanakhala zachabe pakanapanda chinyengo chachikulu cha Fortitude: gulu lankhondo lopeka la Patton, mkulu wa asilikali wa ku America, ndi mauthenga ake a wailesi, ndi kazitape Juan Pujol García, Garbo, amene ankawadyetsa a Germany zimene ankakhulupirira kale, zoti nkhondo yeniyeni idzera ku Calais, osati ku Normandy.

aChisale, Chirunga: Nanga ndege zosaoneka pa radar zija sizinathetse mpikisano wonsewu?

aPhiri, Matawale: Dzinalo n'lonyenga achimwene. Zimaoneka, koma pafupi. Chifukwa cha kuchulukitsa kanayi kuja, mukachepetsa zobwerera ka 16, mtunda wokuonerani umangotsika ndi theka. Kuti utsike ka 10, muchepetse ka 10,000. Ndipo maonekedwe a ndegezo anakonzedwera mafunde aafupi. Pa 27 March 1999 gulu la Zoltán Dani ku Serbia linagwetsa F-117, ndege ya America ya mtundu umenewu, ndi mzinga wakale wa S-125. Ankachenjezedwa ndi radar ya P-18 ya funde la mamita pafupifupi 2, ankasamuka pafupipafupi, ndipo radar yolondolera mzinga ankaiyatsa masekondi ngati 20 okha n'kuzimitsa, kuopa mizinga ya HARM yolondola mafunde. Ndege za NATO zinkadutsanso njira zofananafanana usiku ndi usiku.

Yerekezani ndi chigwa cha Bekaa ku Lebanon pa 9 June 1982. A Syria anasiya mizinga yawo malo amodzi kwa miyezi. A Israel anali atajambula malowo ndi kulemba ma frequency onse. Tsikulo anatumiza tindege topanda munthu, a Syria anayatsa radar n'kuyamba kuwombera, mizinga yolondola mafunde n'kutsatira. Mwa magulu 19 a mizinga, 17 anawonongeka tsiku lomwelo. Zida zinali za fuko limodzi ndi za Dani, chosiyana chinali mwambo wa oziyendetsa.

Anachisale, Sadzi: Kuyatsa kumapweteka ngakhale mwini wake. Sitima yankhondo ya Angerezi ya HMS Sheffield, pa 4 May 1982 ku Falklands, inkatumiza uthenga pa setilaiti, ndipo mafunde akewo anagonthetsa chida chake chomvera radar za adani nthawi imene ndege zonyamula mizinga ya Exocet zinkayandikira. Anafa anthu 20.

Che Milanzi, Songani: Tayendayenda kutali, kuno kwathu kulinso mbiri yake. Basil Schonland ndi anzake a ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg anapanga radar yawo ndi zipangizo za wailesi zogula m'masitolo, n'kulandira funde lobwerera loyamba pa 16 December 1939. Mu 1940 makina awo a JB anatumizidwa kugombe la Kenya kukadikirira ndege za Italy, pa nkhondo yomweyo imene asilikali a KAR ochokera ku Nyasaland anamenya ku Moyale.

Ndipo pali 19 October 1986. Tupolev Tu-134 ya Samora Machel, pochokera ku Mbala ku Zambia kupita ku Maputo, inakhotera kumanja madigiri 37 n'kukagunda mapiri a Lebombo ku Mbuzini, ndipo anafa anthu 35. Komiti ya Margo ya ku South Africa inaloza chala oyendetsa. A Soviet Union anati panali chida chabodza cha VOR chimene chinaikokera kumapiri. Komiti ya Choonadi ndi Kuyanjana ya ku South Africa itaunikanso nkhaniyi, inati ifufuzidwebe.

aChisale, Chirunga: Bambo, VOR ndi radar yomwe?

Che Milanzi, Songani: Ayi. Radar imafunsa n'kudikira yankho, VOR imangolankhula, ndege n'kumamvera. Siteshoni ya pansi imaponya zizindikiro ziwiri za 30 Hz pa frequency ya pakati pa 108 ndi 118 MHz. Chimodzi n'chofanana mbali zonse, chinacho chimasintha malinga ndi mbali imene uli, ndipo chida cha m'ndege chimayerekeza ziwirizo n'kupeza digiri. Chidacho sichidziwa amene akulankhula, chimangotsata frequency imene wachuna. Chitetezo chake ndi zilembo za Morse zimene siteshoni imadzitchula nazo, zomwe woyendetsa ayenera kumvetsera asanakhulupirire singano, kenako n'kuyerekeza ndi DME yopima mtunda ndi kampasi. Ya ku Maputo inali pa 112.7 MHz, ya ku Matsapa ku Swaziland pa 112.3 MHz, ndipo komiti ya Margo inati mwina anachuna yachiwiriyo.

aPhiri, Matawale: Ndipo luso lonamiza zolondolera njira si la 1986. Heinkel ya ku West Bay ija inasocheretsedwa chomwecho: Angerezi ankalandira chizindikiro cha siteshoni ya a Germany n'kuchiulutsanso kuchokera ku England pa frequency yomweyo, ndi zilembo za Morse zomwezo. Ankazitcha meacon. Oyendetsa anaona madzi n'kuganiza kuti ali kugombe la France. Apa kumvetsera Morse sikukanawathandiza, Che Milanzi, chifukwa zilembozo zinali zenizeni, zongobwerezedwa.

Che Milanzi, Songani: N'zoona akulu, pa meacon Morse siipulumutsa munthu. Chotsala ndi wotchi, liwiro ndi kampasi: ngati singano ikuti khota pamene mphindi zimene wauluka zikuti sunafike pokhotera, tenga siteshoni yachiwiri ndi yachitatu, ujambule mizere itatu pa mapu. Iwiri ikakumana pamene masamu ako akunena, wachitatu n'kupita kwina, wachitatuyo musiye.